Mwana Uja Unandisiyira

Karangwaru,
Ponorogo.
22 Julaye 2007

Okondedwa Rukmini, mng'ono wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino ku Hong Kong kumeneko, ndiponso kuti agogo amene umawasamalirawo asiya khalidwe lawo lobisa mankhwala pansi pa pilo. Kuno Mulungu akutisunga. Amayi mawondo aja akuwavutabe, moti masiku ano amaswali atakhala pampando, koma pakamwa ndiye pali bwinobwino. Dzulo lomweli anamukalipira wogulitsa mafuta a nyale mpaka munthu wamkulu anaiwala muyezo wake pakhonde. Mvula inasiya kalekale, chitsime chatsika, ndipo tempe, chakudya cha soya chija ndimagulitsa, akupsa msanga ndi kutenthaku, mwakuti ndikamukulunga Lolemba, Lachitatu m'mawa amakhala atayera kale.

Kalata yako inafika Lachitatu lapitali. Ndakondwa kumva kuti ukubwera mu Sepitembala Ramadani isanayambe, ndipo ulendo uno ukubwereratu. Ndakondweranso ndi nkhani ya a Bagyo amene akufuna kukukwatira, ndi kasitolo ka nsalu kamene mukufuna kutsegula ku Madiun. Zaka zisanu ndi chimodzi ukusambitsa makolo a eni, zakwana. Mzere uja wakuti Idi ikadzatha udzamutenga Kinanti kuti ukakhale naye ku Madiun ndauwerenganso bwinobwino, kangapo konse. Mwana ndi wako, ndipo nthawi yoti adziwe fungo la mayi ake inakwana kale.

Mwina ukudabwa kuti ndikulemberanji kalata chonsecho Lamulungu lililonse timayankhulana pa foni ya alamu ako a Suroto. Pa foni paja Kinanti amakhala atatsamira paphewa panga, amayi ali potero kutchera khutu, ndiye ndimangokuuza za mitengo ya soya ndi za amene wamwalira. Zimene ndikufuna kukuuza lero sizinganenedwe anthu akumvetsera. Undilole ndiyambire kutali, ndipo usakwiye usanafike kumapeto.

Ukukumbukira tsiku limene tinagwirizana kuti Kinanti atsale ndi ine? Tinali kukhitchini, iwe ukulira chifukwa bambo ake anali atalowera ku Kalimantan osatumiza ngakhale moni, ine ndikukulunga tempe m'masamba a nthochi. Ndinakuuza kuti, "Pita ukagwire ntchito, mwanayu ndi wanga yemwe." Unandigwira manja onse awiri n'kunena kuti mkulu ngati ine kulibe. Mawu amenewo akhala akundilasa mpaka lero, chifukwa sunadziwe zimene zinachitika dzulo lake.

Dzulo lakelo kunabwera apongozi anga. Anakhala pampando wa pakhonde, anakana tiyi, n'kuyamba kuti, "Darwati, mimba ziwiri zapita padera, ndipo msinkhu wako ukuuona wekha. Mng'ono wako akuchoka, mwana alibe kopita. Mutenge. Mwana amaitana mnzake. Unaonapo nsomba itagwidwa ndi mbedza yopanda nyambo?" Mwambowo ukuudziwa. A Sriyatun a kuseri kwa mzikiti anatenga mwana wa mlongo wawo, ndipo chaka chisanathe anabereka mapasa, nkhani imene mudzi uno sutopa kuikamba. Choncho pamene iwe unkafunafuna mawu ondipemphera, ine ndinali nditavomera kale mumtima pa zifukwa zanga. Sindikunena kuti popanda zimenezo ndikanakukaniza, ayi. Koma tsiku lija pa depoti, pamene unkamuchotsa kubere n'kumuika m'manja mwanga, ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi itatu, maganizo anga anali pa mwana wina amene kunalibe.

Iwe unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene bambo anamwalira, ndiye mwina sukumbukira kuti kunabwera amuna awiri kudzandifunsira, ndipo onsewo ndinawabweza chifukwa panalibe wina woti atsale ndi miphika ya tempe, inu mukupita kusukulu. Sindikudandaula, ndipo usaone ngati ndikukuwerengera. Ndikungofuna udziwe kuti pamene ndinkakwatiwa ndi alamu ako ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu, sindinkaopa kanthu. Ndinkaona ngati kubereka kuli ngati basi ya ku Madiun, ukaphonya ya m'mawa umakwera ya masana. Palibe amene anandiuza kuti kumada.

Mimba ziwiri zoyambirira unaziona wekha, zonse sizinafike miyezi itatu. Yachitatu ndinakuuza pa foni, ndipo unalira kwambiri mpaka abwana ako anakufunsa ngati kwanu kwagwa maliro. Kuchokera pamenepo ndinati sindidzakusenzetsanso katundu wotere uli kwa eni. Ndiye chaka chatha mu Meyi, pamene ndinakhala milungu itatu osabwera pa foni, amayi n'kukuuza kuti ndadwala tayifodi, sinali tayifodi, Rukmini. Inali mimba yachinayi.

Imeneyo inakhala. Inadutsa mwezi wachitatu, inadutsa wachinayi, tinaphika mpunga wa m'timadengu ta masamba a kokonati, akuluakulu a kumzikiti anabwera kudzapempherera mwanayo monga mwa mwambo. Ndinkafuna kudzakuuza ikafika miyezi isanu ndi iwiri, kuti kamodzi kokha ndikuuze nkhani yabwino yokhayokha. Anayamba kugunda. Sindidziwa ngati ukukumbukira mmene zimamvekera poyamba, ngati kansomba katembenuka m'chidebe. Ndinkati ndikakhala pamsika ndikumumva, ndinkabweza chenji cholakwika, makasitomala n'kumandiseka kuti, "A Darwati, mwagwa m'chikondi kodi?"

Linali Lachiwiri m'mawa pamsika pomwepo, mwezi wachisanu uli pakati. Ndinawerama kuti ndinyamule dengu, ndipo ndinangomva madzi otentha akutsika m'miyendo. Panalibe ululu uliwonse, ndicho chimene chimandidabwitsa mpaka pano. Amayi ogulitsa tsabola pafupi nane anandifunditsa nsalu yawo, anyamata a galimoto ya masamba anandikweza kumbuyo pakati pa kabichi, ulendo wa kuchipatala cha ku tauni. Madokotala anayesetsa, sindiwanena. Pofika masana anali atabadwa. Anali mwamuna. Namwino anandifunsa ngati ndikufuna kumuona, ndipo ndinavomera. Kutalika kwake kunangopitirira pang'ono dzanja langa, koma zonse zinalipo, zala, zikhadabo, ngakhale kachibwano kogawikana pakati ngati ka bambo athu. Alamu ako anamutcha Teguh. Anamukulunga okha m'nsalu yoyera, anamufungatira pachifuwa m'bale wawo akuyendetsa njinga yamoto, ndipo anakamuika pambali pa bambo. Ine kumandako sindinapite, ndinali ndidakali m'chipatala. Tsiku lachitatu mawere anayamba kuchucha mkaka. Amayi anandimanga pachifuwa ndi nsalu mwamphamvu, akulira osatulutsa mawu, ndipo pamenepo m'pamene ndinakwiya, sindidziwa kuti ndinakwiyira yani. Thupi limene linalephera kumusunga linali litakonzeka kumudyetsa.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene ndakulakwira.

Nditabwerera kunyumba ndinagona masiku ambiri nditayang'ana kukhoma, osafuna chakudya kapena munthu. Masana ena Kinanti analowa atanyamula mbale ya mpunga ndi manja awiri, msuzi ukutayikira pansi. Mpaka tsiku limenelo ankanditcha Bude, monga mwana aliyense amatchulira mkulu wa mayi ake. Anakwera pabedi, anandigwira tsaya kuti nditembenuke, n'kunena kuti, "Ibu, idyani. Ndapakula ndekha." Ibu, Rukmini, dzina loitanira mayi wokubereka, dzina limene ndi lako. Amayi anali ataima pakhomo ndipo anamva. Anandiyang'ana, kudikira kuti ndimukonze mwanayo. Sindinamukonze. Ndinadzuka n'kudya mpunga wonse, ndipo chinali chakudya choyamba kumveka kukoma m'kamwa mwanga.

Kuyambira tsiku limenelo ndine Ibu m'nyumba muno, kumsika ndi kusukulu komwe. Ndipo Lamulungu lililonse, foni isanalire, ndimamukumbutsa kuti, "Pa foni Ibu ndi a ku Hong Kong, ine ndine Bude, wamva?" Iye amangogwedeza mutu, ndipo sanaphonyepo ngakhale kamodzi. Ndamuphunzitsa mwana wako kukubisira zinthu. Amayi anandidzudzula kawiri, kenaka anasiya, kaya chifukwa cha chisoni. Iwe ukamafunsa kuti, "Bude akukusamala?" iye n'kuyankha kuti eya, ine ndimatuluka kukayang'ana moto umene sukufuna kuyang'anidwa.

Patapita miyezi iwiri tinabwereranso kuchipatala. Dokotala wake ndi mtsikana woti ndikanatha kumubereka, koma amayankhula mwaulemu. Anati pa msinkhu wanga mazira ambiri amakhala atatopa, n'chifukwa chake zitatu zoyamba zija zinachoka msanga, koma za Teguh vuto linali khomo la chiberekero limene linatseguka nthawi isanakwane. Anati ndikadzaimanso ndidzapite msanga, akhoza kulisoka kuti ligwire. Kenaka anaika cholembera pansi n'kunena kuti, "Koma mayi, palibe amene angakudzudzuleni mukati mwatopa."

Pobwerera alamu ako anaimitsa njinga m'mphepete mwa munda wa nzimbe, pamalo popanda nyumba. Ndinayesa tayala laphwa, ndipo ndinati ndiwaseke kuti womata matayala a anthu waphwetsa lake. Koma anangokhala pachishalo osatembenuka.

"Dar, tisiye," anatero.

"Tisiye chiyani, amuna anga?"

"Ukudziwa. Manda aang'ono ndakumba, ndapirira. Ndikuopa kuti otsatira adzakhala aakulu. Magazi amene unataya aja ndinawaona ine, iwe unali utakomoka."

Ndinawayankha mawu amene ndimachita nawo manyazi. Ndinati, "Inu mukhoza kusiya lero n'kudzasintha maganizo muli ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, mtsikana woti akuberekereni adzapezeka. Ine ndatsala ndi zaka ziwiri kapena zitatu basi." Analiza njinga, tinafika kunyumba osayankhulana. Chonsecho munthu yemweyu, mayi ake atamuuza pamaso panga kuti chipembedzo chimalola mkazi wachiwiri, anangoseka n'kunena kuti, "Amayi, njinga yangayi ili ndi mpando umodzi wokha kumbuyo, winayo adzakhala pa hendulo?" Apongozi anachoka osatsanzika, ndipo anatha mwezi osaponda pano.

Sindinasiye. Ndamwa zitsamba zowawa zoti ngakhale mbuzi ingalavule. Ndapita kwa agogo a ku Slahung kukasisitidwa pamimba, akuti chiberekero changa chinapendekeka. A Haji Marjuki atabwerako ku Maka ndinakapempha zipatso za kanjedza zosapsa, ndipo anandipatsa zitatu akuyang'ana kumbali ngati akundipatsa chinthu chakuba. Alamu ako ndawadyetsa nyemba zophukira mpaka anati akuopa kumera masamba m'makutu. Mwezi uliwonse ndinkawerenga masiku pa kalendala ya kukhitchini, ndipo mwezi uliwonse ndikaona kuti ndasamba ndinkachapa nsalu, kuyanika kuseri, n'kupita kumsika kukaseka ndi anthu. Zinandifika poti mwana wa munthu akalira m'basi ndinkayang'ana pawindo. Sindinkadana ndi amayi awo, koma sindinkawafuniranso zabwino ndi mtima wonse, Mulungu andikhululukire.

Mwezi wathawu kunali mwambo wa mimba ya miyezi isanu ndi iwiri ya mwana wa a Painem, uja wamng'ono, amene pochoka iwe anali asanayambe n'kuvala mpango komwe. Anandiitana kukaphika. Kuthira madzi a maluwa pa woyembekezerayo amasankha amayi amene ana awo ali moyo, zimenezo sindinadabwe nazo, ndinazolowera kumvera nyimbo ndili kukhitchini. Tinalipo amayi asanu ndi mmodzi, tikupala kokonati, ndipo Kinanti anali pansi pa tebulo akudya zotsalira. A Painem analowa atasangalala, thukuta lili kamukamu, ndipo atandiona anati, "Iii Dar, nyambo yako ija yafika kalasi yachiwiri, nsomba osaoneka ndithu? Mwinatu nyongolotsi yake ndi yaulesi. Bweza ukatenge ina!" Ena anaseka. A Sriyatun anati, "Painem, pakamwa pakopo padzakupweteketsa." Ine, Rukmini, ndinaseka nawo. Ndinaseka kuti nkhaniyo ithe msanga, ndipo ndinaiwala amene anali pansi pa tebulo.

Pobwerera mwanayo sanafunse dzina la mtengo ngakhale umodzi, iye amene amafunsa za mtengo uliwonse. Titafika pa kamlatho ka ngalande anaima.

"Ibu, nyambo ija ndine?"

Ndinati, "A Painem amangoyankhula, usawamvere."

"Anzanga kusukulu amanenanso. Amati munanditenga kuti ndiziitana mwana." Anakanda chitsulo cha mlatho ndi chala. "Ndimaitanatu, Ibu. Ndikamaliza kuswali ndimaitana. Teguh ndinamuitana ine, koma sanafune kukhala. Kapena sindiitana bwino?"

Ndinangokhala pansi pamsewu pomwepo ndi nsalu yanga ya pamwambo. Ndinamufunsa kuti wayamba liti zimenezi. Anati kalekale, asanayambe sukulu. Kenaka anafunsa funso limene landichititsa kulemba kalatayi. Anati, "Mwana akabwera mudzandibweza chifukwa ndamaliza? Nanga akapanda kubwera, mudzandibweza n'kukatenga wina?"

Ndinamukumbatira, ndipo ndinamuuza kuti iye sanabwere kudzagwira ntchito m'nyumba mwanga, kuti anabwera chifukwa amayi ake anapita kutali kukamufunira sukulu ndi zovala, ndipo ine ndinamufuna. Ndinamuuza kuti kubwera ndi kupita kwa ana ndi kwa Mulungu, osati kwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso ako aja, kenaka anati ali ndi ludzu, tinanyamuka. Sindidziwa ngati anakhulupirira. Theka la zimene ndinamuuza linali bodza pa tsiku limene ndinamutenga, koma lero ndi zoona zokhazokha, ndipo ndayesa kufufuza tsiku limene zinasintha, sindikulipeza. Kaya ndi pamene anayenda koyamba kuchoka pa thumba la soya kudzagwera pa mawondo anga, kaya ndi pamene analuma tsabola n'kundiyang'ana ngati ndamupereka. Ndinkayang'ana kukhomo kudikira mwana, pamene wina anali akukula pa miyendo panga, akundithandiza kudikirako.

Tsopano khala pansi, mng'ono wanga. Ndili ndi pakati. Milungu isanu ndi inayi.

Akudziwa ndi azamba a Endang, amene anandiyeza, ndi dokotala uja basi, tsopano ndi iwe. Alamu ako sindinawauze, komabe ndikuona kuti adziwa. Milungu iwiri tsopano amadzuka ine ndisanadzuke n'kutereka okha mphika waukulu wa soya, akuti akufuna kulimbitsa mikono. Fodya akusutira kumsewu. Akandikweza pa njinga amayenda pang'onopang'ono moti ana a sukulu amatipitirira pa njinga zakapalasa. Iwo sanena kanthu, ine sindinena kanthu, timangopatsirana mbale. Dokotala uja wati ndikafika milungu khumi ndi itatu, ngati zonse zili bwino, adzasoka.

Ukhoza kuganiza kuti ndikusangalala. Sindikudziwa dzina la chimene ndikumva. Ndimapita kuchimbudzi kakhumi pa tsiku kukaona ngati kwabwera magazi. Mseru ukandigwira ndimathokoza, ukasiya theka la tsiku mtima umathawa. Sindimuyankhula ngati mmene ndinkachitira ndi Teguh, sindinamuganizire dzina, ndipo pa kalendala sindinalembepo kanthu. Koma nthawi zina ndikamakulunga tempe ndimapeza dzanja limodzi lasiya ntchito lili pamimba, ndipo ndimalichotsa msanga ngati lagwira chinthu cha eni. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Ndikudziwa kuti aka n'komaliza, kaya zitha bwanji, chifukwa nkhope ya alamu ako ya kumunda wa nzimbe ija sindingathe kuionanso.

Kalata imene ukuwerengayi ndi yachiwiri. Yoyamba ndinalemba Lachinayi, tsiku lotsatira nditalandira yako, ndipo inali yokupempha kuti umusiye Kinanti kuno mpaka Febuluwale. Ndinaikamo zifukwa zabwinozabwino: kuti si bwino kusintha mwana sukulu pakati pa chaka, kuti amayi adzamusowa, kuti iwe ndi a Bagyo muyambe mwazolowerana. Zonsezo ndi zoona, ndipo ndikudziwa kuti ukanavomera, chifukwa umaona ngati uli nane ndi mangawa. Koma nditaiwerenganso ndinaona chimene sindinalembe. Ndikuopa kuti Kinanti akatuluka pakhomo pano, uyu wa m'mimbayu adzamutsatira. Ine amene ndinakhala pansi pamlatho n'kumuuza kuti si nyambo, ndinali ndikumukolekanso pa mbedza. Kalatayo ndinaiponya pamoto pansi pa mphika wa soya.

Ndiye pempho langa ndi ili. Umulembere Kinanti kalata yakeyake, sabata ino ngati ungathe, ndi zilembo zikuluzikulu chifukwa zolumikiza sanazizolowere. Pa envelopu ulembe dzina lake, sanalandirepo kalata chibadwire. Umuuze kuti ukubwera kudzamutenga chifukwa wamusowa tsiku lililonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndiponso kuti unakonza zimenezi kalekale, pa tsiku lomwe unamusiya. Umuuze za chipinda chake ku Madiun, ngakhale chisanapezeke. Ndikufuna amve zimenezi tsopano, mimbayi isanadziwike. Ramadani ikayamba anthu adzaona kuti sindikusala, ndipo pofika madzulo a tsiku loyamba a Painem adzakhala atauza mudzi wonse. Mwanayu akakhala moyo, sindifuna Kinanti adzati anamaliza ntchito ndiye anamubweza. Akapita ngati anzake aja, sindifuna adzati analephera ndiye anamubweza. Achoke pano chifukwa mayi ake amufuna, basi.

Ndine ndemwe ndidzamupakira zovala, ndipo ndidzayesetsa kuti asandione ndikulira. Akaphonya n'kunditcha Ibu pamaso pako, chonde usamukalipire, ndipo usapite kukalira kuseri. Udzandikalipire ine tikadzakhala awiri, ndidzamva zonse. Ulendo uja unabwera kutchuthi ali ndi zaka zitatu anabisala kumbuyo kwanga masiku anayi, ndipo ndinaona mmene zinakupwetekera. Ulendo uno akhoza kuchitanso manyazi, koma chithunzi chako chija cha pa sitima amachisunga m'buku lake la masamu, ndipo anamenyana ndi mnzake amene ananena kuti iwe unamuiwala.

Pali tinthu tina toti udziwe, tingadzakudzidzimutse. Sagona asanagwire khutu la munthu, amalipotokola pang'onopang'ono mpaka tulo timutenge, ndiye ndolo uzivula. Dzira amadya loyera lokha, la pakati amabisa pansi pa mpunga poganiza kuti sitiona. Akagwa n'kunena kuti sizikupweteka, ndiye kuti zikupweteka kwambiri. Tsitsi amafuna kulukidwa michira iwiri, ndipo wa kumanzere uyambe ndiwo, usandifunse chifukwa chake. Akakhala chete nthawi yaitali usamufunse mafunso, ungomupatsa ntchito ya m'manja pafupi nawe, monga kusankha mpunga, adzayamba yekha kuyankhula. Ndipo sukulu akatsekera, ngati a Bagyo sadzaona vuto, uzimutumiza kuno ngakhale masiku atatu. Basi ya ku Madiun imaima pa msika pomwe, ndidzamudikira pamenepo.

Chinanso, usagule kalikonse ka khanda. Ndikukudziwa, ukangomaliza kuwerenga uthamangira kumsika wa kumeneko kukasankha timasokosi. Usatero, ndakupempha. M'kabati muli kale mbereko imene ndinagula chaka choyamba cha ukwati, ikadali ndi pepala la kusitolo, ndipo nsaluyo ndaisuntha malo kokwanira. Pa foni usandifunse za nkhaniyi, ngakhale mozungulira, amayi amamva ndi zimene sizinanenedwe. Ukadzatsika basi pa depoti usadzayang'ane pamimba panga. Udzandiyang'ane kumaso, udzadziwa wekha, ndipo kaya udzaona chiyani, udzayambe wanyamula mwana wako.

Undipempherere, Rukmini. Sindikudziwanso chimene ndingapemphe ndekha, ndikakweza manja mawu amandithawa. Iwe upemphe m'malo mwanga chimene ukuona kuti n'choyenera.

Amayi akupereka moni, akuti mafuta opaka mawondo aja ubwere nawo ambiri, ndipo akuti a Bagyowo abwere adzaonekere okha, iwo sakwatitsa mwana kwa chithunzi. Alamu ako akanapereka moni akanadziwa kuti ndikulemba, ndiye ulandire ngati apereka. Upereke ulemu wanga kwa agogo akowo, uwauze kuti kuno kuli anthu amene akuwathokoza pokubweza uli wamoyo.

Kinanti wangolowa kumene kuchokera kosewera, mapazi ali mbuu. Ndaphimba pepalali ndi dzanja n'kumufunsa kuti ndiwauze chiyani amayi ake. Waganiza kaye, kenaka watsegula pakamwa n'kundionetsa dzino lakutsogolo limene layamba kugwedera. Akuti ndikuuze kuti ena aja anachoka iwe kulibe, koma ili alisunga mpaka ubwere kuti udzalichotse ndiwe. Ndamuuza kuti Sepitembala ili kutali, dzino silidikira munthu. Wayankha kuti azitafunira mbali inayo.

Ubwere msanga, mng'ono wanga.

Ine mkulu wako wokukonda,
Darwati